Bondo langa ndi chigoli cha Reinildo

Linali Loweruka mu Okutobala 2022, pa bwalo lina kunja kwa Ulongwe. Amene munasewerapo mpira kuno ku Angónia mwezi umenewu mukudziwa mmene dothi limaumira, moti jombo ikaluma pansi siiterereka ngakhale pang'ono. Ndinali ndi zaka 23, ndikusewera kumbuyo chakumanja. Timu yathu sinali ya malipiro a pamwezi, tikapambana ndiye eni ake ankatigawira ya sopo, koma ine mpira ndinkauwerengera ngati ntchito. Mwezi womwewo munthu wina wa timu ya ku Tete anali atandiuza kuti ndikayesedwe chaka chikamayamba, ndipo m'maganizo mwanga ndinali nditafika kale mu Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lathu la Mozambique.

Chigawo chachiwiri chili pakati, mnyamata amene ndinkamulonda anachita ngati akulowera mkati, kenaka n'kuthawira kumzere. Ndinaponda ndi mwendo wamanja kuti nditembenuke naye. Phazi linatsala pomwepo, thupi n'kupita. M'kati mwa bondo munalira kuti "thu!" ngati chingwe cha ng'ombe chaduka, ndipo ndinapezeka ndili pansi. Palibe anandikhudza. Oyimbira sanalize n'komwe wezulo, ndipo ochemerera ena ankakuwa kuti ndidzuke, ndikudya nthawi.

Poti sanandigunde munthu, tonse tinaiona ngati nkhani yaing'ono. Pano ndikudziwa kuti unali mtsempha wa m'kati mwa bondo, ndipo mtsempha umenewu nthawi zambiri umaduka chonchi, munthu akutembenuka, akuima mwadzidzidzi kapena akutera atadumpha, popanda womupweteka. Ukamva kulira m'bondo, bondo n'kutupa tsiku lomwelo, ndiye poponda n'kumamva ngati mwendo ukufuna kuthawa, usadikire kuti uone mawa. Zitatu zonsezi ine ndinali nazo dzuwa lisanalowe.

Kunyumba amayi anatereka madzi n'kuyamba kundithowa, monga amachitira aliyense akabinya. Ankachita mwachikondi, koma bondo lotupa kumene limakhala ndi magazi m'kati, ndipo kutentha kumangowonjezera kutupako. Chofunika masiku oyambawo chinali kuliziziritsa ndi ayisi wokulunga m'kansalu, kulimanga ndi bandeji, ndi kugona mwendo uli pamwamba. Ayisi akanapezeka, m'mafiriji a m'magolosale a ku Ulongwe sasowa. Tsiku lachitatu amalume ananditengera kwa agogo ena amene ananditema mphini zisanu ndi imodzi kuzungulira bondo. Zipsera zake zilipobe.

Patatha sabata ndinapita kuchipatala ndipo anandijambula X-ray. Anandiuza kuti fupa silinathyoke, anandipatsa mankhwala opha ululu, n'kunena kuti ndipume, ndipo bondo likapitiriza kuvuta ndibwerenso. Mawu omalizawo analowa khutu ili n'kutulukira linali. Ine ndinangomva kuti palibe chathyoka, ndipo ndinatuluka ndikumwetulira. Sindinkadziwa kuti X-ray imaonetsa mafupa okha. Mtsempha ungaduke pakati, chithunzi n'kutuluka chabwinobwino.

Apa ndi pamene bondo limanamiza mwini wake. Patapita masabata asanu ndi limodzi kutupa kunaphwa, ululu unatha, ndinayamba kuyenda bwino, ngakhale kuthamanga kolunjika. Linayamba kundigwetsa mu Disembala. Koyamba ndinali nditasenza thumba la feteleza, ndikukhota pakhomo la nyumba. Bondo linangoti gwede, ngati mafupa asemphana, ndipo ndinakhala pansi ndi thumba lomwe. Kachiwiri ndinkadumpha ngalande kudimba. Nthawi zonse linkatupa masiku atatu n'kuphwanso, ine n'kumati lachira. Kachitatu kanali mu Januwale 2023, ndikukonzekera ulendo wa ku Tete uja. Ndinatembenuka ndi mpira, ndinagwa, ndipo podzuka mwendo unakana kuwongoka, ngati chitseko chimene pansi pake palowa kamwala. Unamasuka wokha patatha masiku awiri, koma kuyambira pamenepo unkangotsekeka nthawi ndi nthawi.

Mu Febuluwale ndinakwera chapa kupita ku Tete, osati kukayesedwa mpira koma kukaonetsa mwendo. Ndi ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo ndinauyenda mwendo uli pamwamba pa matumba a kachewere. Dokotala wa mafupa amene ndinawapeza sanafune makina. Anandigoneka chagada, anapinda bondo pang'ono, dzanja limodzi pa ntchafu, lina pansi pa bondo, n'kukoka. Mwendo wamanzere unaima nji. Wamanja unangobwera ngati dirowa ya tebulo. Nanenso ndinaona ndi maso anga. Mphindi ziwiri sizinakwane, ndipo chimene chinandizunguza miyezi inayi chinadziwika.

Anatenga pepala n'kujambula zingwe ziwiri zopingasana pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo. "Ichi chakutsogolochi pa Chipwitikizi timati ligamento cruzado anterior, a Chingerezi amati ACL. Ndi chimene chimagwira msongolo kuti usathawire kutsogolo, komanso kuti bondo lisapotoke potembenuka. Chanu chaduka, ndipo chikadukiratu kawirikawiri sichilumikizananso chokha." Sanandibisire kuti si aliyense amafunika opaleshoni. Munthu wongoyenda ndi kulima akhoza kulimbitsa minofu n'kukhala bwino. "Koma inu mukufuna mpira, ndipo bondo lakugwetsani katatu. Kajambulitseni MRI, chithunzi choonetsa ndi mitsempha yomwe, tione zina zimene zawonongeka."

Sabata yomweyo, pa 25 Febuluwale, Reinildo Mandava anavulala pa masewero a Atlético Madrid ndi Real Madrid. Mtsempha womwewo, bondo lamanja ngati ine. Mwana wa ku Beira, amene ankatchinga kumbuyo mu Atlético ndi mu Mambas, timu ya dziko lathu. Ndinamumvera chisoni, komanso ndisabise, mtima unakhalako pansi. Ndinati ngati vutoli lagwira mpaka Reinildo, ndiye kuti tichirira limodzi. Kuyambira tsikulo ndinayamba kudziyeza ndi iye.

Pa za MRI ija ndinasankha Blantyre chifukwa mlamu wanga amakhala kumeneko, pogona sipakanavuta, ndiponso kwa ife a ku Angónia n'kufupi kuposa Beira kapena Maputo: kungodutsa pa Calómuè, kulowa Dedza, n'kutsika ndi msewu wa ku Ntcheu. Tsiku langa linali pakati pa Malichi. Namondwe wa Freddy anafika masiku omwewo, n'kugumula mapiri ndi nyumba za anthu mumzindawo, zipatala n'kudzaza ndi ovulala. Nkhani ya bondo langa inali yochepa pamenepo. Ndinapita kumapeto kwa Epulo, miyezi isanu ndi umodzi chivulalireni.

MRI inaonetsa zinthu ziwiri. Mtsempha unali utadukiratu. Komanso kanyama kolimba kokhala ngati nkhata pakati pa mafupa awiri aja, kamene amati menisco, kanali katang'ambika, ndipo chibenthu chake ndi chimene chinkatsekereza bondo. Dokotala wa kumeneko anandifunsa kuti, "Achimwene, bondoli lakugwetsani kangati?" Nditanena kuti katatu, anapukusa mutu. Anandifotokozera kuti bondo lopanda mtsempha likamagwedera, mafupa amapera nkhata ija, ndipo n'kutheka kuti tsiku la mpira lija inali idakali yabwino. Ndinakumbukira thumba la feteleza. Pa zonse zimene ndinalakwitsa, ichi ndi chimene sindingachibweze. Mtsempha amaika wina, koma nkhata akaidula siimeranso, ndipo bondo lotere limafulumira kudwala nyamakazi munthu akamakula.

Ndinkayesa andipanga opaleshoni sabata yomweyo. Anakana. Anati bondo liyambe laphwa, liziwongoka, ntchafu ibwerereko mphamvu, ndipo anandipatsa masabata asanu ndi limodzi a mafizo, masewero olimbitsa mwendo. Ndinapsa mtima, ndinaona ngati akundichedwetsa dala. Pano ndimawathokoza, chifukwa bondo lolowa mu opaleshoni lili lotupa ndi louma limatulukanso louma.

Masabata amenewo anali ofunanso ndalama. Timu inalibe pepala lililonse losainirana nafe, ndiye panalibe wokamugwira. Anyamata amene mukusewera m'matimu otere, funsani eni ake lero, miyendo idakali yabwino, kuti wina akavulala achita naye bwanji, ndipo yankholo lilembedwe. Anzanga osewera nawo anasonkha meticais 6,000, ndalama imene ndimailemekeza mpaka lero chifukwa ndikudziwa m'matumba mwawo. Zotsalazo zinachokera pakhomo. Ndinagulitsa njinga yanga yamoto imene ndinkanyamulira anthu. Kachewere yense wa kudimba chaka chimenecho anapita. Sizinakwane. Usiku wina bambo anatiitana pabwalo, ine, amayi ndi achimwene anga aakulu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ng'ombe zitatu zipite. Koma iwe mwanawe, undimvetse. Sindikugula mpira ayi. Ndikugula mwendo woti udzalimire ana ako." Mwa ng'ombe zitatuzo, ziwiri zinali zokoka ngolo.

Pa ndalama ndinalakwitsa apa: ndinawerengera mtengo wa MRI ndi wa opaleshoni basi. Sindinawerengere maulendo anayi a ku Blantyre, zimene osintha ndalama a pamalire amadyapo posintha meticais kukhala makwacha, mankhwala, ndodo zoyendera, miyezi yosagwira ntchito, makamakanso mafizo a chaka chathunthu. Amene mukukonzekera, ndalama ya mafizo muipatule kaye, muisungitse kwa munthu wina, musanalipire opaleshoni. Ngati siikupezeka, auzeni adokotala poyera kuti muganizire limodzi, ndipo muwafunse kuti kufupi ndi kwanu mafizo mungakachitire kuti, kangati pa sabata, kwa miyezi ingati. Ine funso limeneli sindinalifunse.

Anandipanga opaleshoni pakati pa Juni 2023. Anandibaya jakisoni pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika kunachita dzanzi, koma ndinali maso. Anthu ambiri amaganiza kuti amasoka mtsempha wodukawo. Ayi. Anatenga mitsempha iwiri ya kuseri kwa ntchafu yanga yomwe, anaipinda kukhala chingwe chimodzi, anaboola fupa la ntchafu ndi la msongolo, n'kuchilowetsa mmenemo n'kuchimanga. Ena amawatengera kutsogolo, pansi pa kafupa ka pabondo. Zonse ankaonera pa kakamera kolowetsa pa timabowo ting'onoting'ono. Chibenthu cha nkhata chija anachidula. Maola awiri sanakwane.

Ndinabwerera kumudzi m'kuzizira kwa Juni. Chimene sindinachiganizire n'komwe ndi chimbudzi. Chathu n'chokumba, chonjuta. Ndi mwendo womangidwa, ndodo ziwiri kumanja, sindikanatha. Tsiku loyamba ndinalira kuseri kwa nyumba. Achimwene anatenga mpando wakale wa matabwa, anauboola pakati, n'kuukhazika pa dzenje. Konzani zimenezi musanapite kuchipatala. Chinanso ndi pilo. Ululu ukakula umafuna kuika pilo pansi pa bondo kuti likhale lopindika pang'ono, ndipo zimakomadi. Osatero. Pilo apite pansi pa chidendene, bondo lilendewere mpaka liwongoke, ngakhale zikupweteka. Bondo limene silinawongoke masabata oyamba limavuta kwambiri kuliwongola pambuyo pake, ndipo munthu amatsala wotsimphina.

Chinandiopsa kwambiri ndi ntchafu. Ndinkagona pamphasa, kuiyang'ana, kuiuza kuti ilimbe, iyo osayankha. Mwendo umene unkamenya mpira kuchokera kumbuyo mpaka kudutsa pakati pa bwalo unali utafota ngati wa nkhalamba pasanathe masabata atatu. Mkazi wanga ankakhala pambali kumandiwerengera, khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo. Tsiku limene ndinakwanitsa kunyamula mwendo wowongoka kuchoka pamphasa, anaomba m'manja n'kuthamangira kukaitana amayi.

Mayi a mafizo amene ndinawapeza anali ku Tete. Ulendo umodzi, chapa kupita ndi kubwera, chakudya ndi kulipira mafizowo, unkandidyera pafupifupi meticais 2,000. Miyezi iwiri yoyamba ndinkapita kawiri pa mwezi, kenaka kamodzi. Ankandilembera zochita m'kope, ine n'kumakachitira kunyumba ndi zimene zinalipo: chubu cha njinga chomangirira ku mtengo wa pichesi, mabotolo odzaza mchenga, sitepe ya pakhonde, njinga yakapalasa ya achimwene. Zinkathandiza ndithu. Mwezi wachinayi ndinkayenda osatsimphina, ululu kulibe. Mayiwo anandichenjeza kuti nthawi yoopsa ndi imeneyo. Chingwe chatsopano chija thupi limakhala likuchisandutsa mtsempha, ndipo pa miyezi imeneyo chimakhala chisanakhwime, pamene mwini wake akumva ngati wachira. "Walira mvula walira matope, achimwene. Munafuna opaleshoni, ndiye matope ake ndi amenewa." Ndinavomera ndi pakamwa. Mu Novembala ndalama zinatha, mvula inagwa, kumunda kunalibe ng'ombe, ndipo ndinasiya kupita ku Tete. Kope lija linakalowa pansi pa matiresi.

Miyezi imeneyo inali yowawa mumtima kuposa m'bondo. Foni inasiya kulira. Pamalo panga ankasewera mnyamata wa zaka 18, ndipo ankasewera bwino. Loweruka masana ndikamva phokoso la kubwalo ndinkalowa m'nyumba. Bambo akamabwereka ng'ombe za eni kuti akokere manyowa, sindinkatha kuwayang'ana kumaso. Iwo sananenepo kanthu ngakhale kamodzi, koma ine ndinkafuna kubwerera msanga kuti ndionetse kuti ng'ombe zija sizinapite pachabe.

Ndiye panafika usiku wa pa 22 Januwale 2024. Tinadzaza m'nyumba ya kanema ya pamsika kuonera Mambas ndi Ghana, pa mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa ku Côte d'Ivoire. Ghana inkatsogola 2-0, ena anali atayamba kutuluka. Nthawi yoonjezera itayamba, Geny Catamo anagoletsa penate. Kenaka kona, ndipo amene anadumpha n'kuumenya ndi mutu mpaka mu ukonde anali Reinildo. 2-2. Mabenchi anagwa, anthu anakumbatirana, ine misozi ili mbwembwembwe. Wina anandimenya paphewa: "Mnzako uja wachira! Iwe ukudikira chiyani?" M'mawa mwake a Mister, aphunzitsi athu, anafika pakhomo. Sanandikakamize. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, mwendo ukuti bwanji? Kumbuyo kuja kukutayikira." Ndinayankha kuti ndili bwino.

Mu Febuluwale, patangotha miyezi isanu ndi itatu chichitireni opaleshoni, ndinalowa m'bwalo. Sindinauze adokotala kapena mayi a mafizo. Masewero oyamba ndinasewera mphindi 30, thupi lili m'bwalo koma maganizo onse ali pa bondo. Mpira wolimbirana ndinkaufika mochedwa dala. Ndikadumpha ndinkatera ndi mwendo wamanzere wokha. Masewero achiwiri kunali matope. Ndinadumphira mpira wa m'mwamba, wina anandikankha pang'ono, ndinatera ndi wamanja, ndipo bondo linapotoka kulowa mkati. Kulira kuja sindinakumve, koma ululu unali womwewo, ndipo pofika usiku linali litatupa ngati dzungu. Tulo sitinabwere. Ndinkangoona ng'ombe zitatu zija zikutuluka m'khola.

Ndinabwereka ndalama kwa amalume n'kutsikiranso ku Tete. Adokotala anakoka msongolo monga poyamba, ine thukuta lili kamukamu. Unaima nji. Chingwe chinali chilipo. Anati ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo ananditumiza kwa mayi aja.

Kutupa kutaphwa ndinapita, mutu uli pansi. Sanandikalipire. Anatenga tepi ya telala n'kuyeza ntchafu zonse ziwiri pamalo ofanana. Yamanja inali yochepa ndi masentimita 4. Kenaka anajambula mzere pansi ndi choko, n'kundiuza kuti ndidumphe ndi mwendo umodzi n'kutera pa womwewo osagwedera. Wamanzere unafika masentimita 170. Wamanja 120, ndipo potera ndinagwira khoma. Anati wosewera sayenera kubwerera m'bwalo mwendo wovulala usanafike 90 pa 100 ya unzake, pa mphamvu ndi pa kudumpha pomwe. "Wanu uli pa 70."

Ndinatchula Reinildo. Anandiuza kuti ndiwerenge ndi zala. Kuchokera pa 25 Febuluwale 2023 kufika pa 22 Januwale 2024 ndi pafupifupi miyezi 11. Usiku wa chigoli chija ine ndinali ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha chichitireni opaleshoni, ndipo itatu mwa imeneyo ndinali kumunda. "Iye m'miyezi yakeyo ntchito yake inali bondo basi, tsiku ndi tsiku, ali ndi madokotala a timu ndi makina oyezera mphamvu. Inu munali ndi chubu cha njinga. Chubu si choipa ayi, koma chimafuna nthawi yochulukirapo, osati yochepa."

Anandiuza manambala amene ndikanakonda kuwamva ndisanagulitse njinga. Kafukufuku wa mu 2016 wa ku Norway ndi America anapeza kuti mwezi uliwonse umene munthu wadikira, mpaka kufika miyezi isanu ndi inayi, ngozi yovulalanso bondolo imatsika ndi pafupifupi theka. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anaonetsa kuti mwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amabwerera m'masewero, pafupifupi mmodzi mwa anayi amadukanso mtsempha, pa bondo lomwelo kapena linzake. Ine ndinali ndi zaka 24, ndikusenzetsa mwendo wamanzere katundu yense.

Pambuyo pake ndinayamba kutsata ndekha nkhani za akatswiri, tsopano ndikuwerenga miyezi. Virgil van Dijk anavulala mu Okutobala 2020 posewera ndi Everton, ndipo Liverpool ndi chuma chake chonse inamudikira miyezi yoposa isanu ndi inayi, mpikisano wa Euro n'kumudutsa. Radamel Falcao anaduka mtsempha mu Januwale 2014 ali ku Monaco, chikho cha dziko lonse cha ku Brazil chinamupita, ndipo atabwerera sanali yemwe uja: zigoli zinayi zokha chaka chonse ku Manchester United, chimodzi ku Chelsea. Anthu anati watha. Anadzukanso m'ligi ya 2016 ndi 2017, imene Monaco inatenga ku France, zaka zitatu chivulalireni. Palinso kafukufuku amene anatsata matimu akuluakulu a ku Ulaya kwa zaka 15. Pafupifupi onse ochitidwa opaleshoni anabwerera m'bwalo, koma patatha zaka zitatu, 65 okha mwa 100 ndi amene ankasewerabe pamwamba paja. Kanema amationetsa chigoli cha amene wabwerera. Ena 35 aja, amene anatsikira ku matimu ang'onoang'ono kapena kusiyiratu mpira, sitiwaona, chonsecho anali ndi zonse zimene ife tilibe.

Ndinachita chimene ndikanayenera kuchita poyamba. Kukolola kutatha ndinasamukira kwa msuweni wanga ku Moatize, ndinapeza ganyu yokhala pa kauntala m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo kwa miyezi inayi ndinkawoloka Zambezi katatu pa sabata kupita ku mafizo. Kunyamula zitsulo, kuphunzira kutera maondo osalowa mkati, kuima ndi mwendo umodzi maso ali otseka, kuthamanga kolunjika, kenaka kokhota, kenaka kutembenuka mwadzidzidzi mayiwo akaomba m'manja. Mantha ndiwo anachedwa kutha kuposa kufota kwa ntchafu. Tsiku limene anandiuza kuti nditembenukire pa mwendo wamanja ndi liwiro lonse, ndinathamanga katatu n'kumaima ndisanafike pa mzere. Iwo anangoti, "Tibwerezanso Lachisanu," ndipo tinabwereza mpaka mwendo unachita wokha ine ndisanaganize. Mu Seputembala wamanja unadumpha masentimita 160, potera osagwedera. Anandilola. Masewero athunthu oyamba ndinasewera mu Okutobala 2024, miyezi 16 chichitireni opaleshoni, zaka ziwiri chivulalireni.

Ngati ndinabwerera mwakale? Liwiro lolunjika linabwerera. Kutembenuka msanga kuja, kumene ndinkadziwika nako, kunatsalira pang'ono, ndipo a Mister anandisunthira pakati pa otchinga kumbuyo, kumene maso amagwira ntchito kuposa miyendo. Ndikasewera pa dothi louma bondo limatupako m'mawa mwake, ndiye sindisewera masewero awiri sabata imodzi. Kugwada nthawi yaitali, kutchalitchi kapena kudimba, kumandivuta. Pansi pa chipsera pali malo a dzanzi, ndipo Juni akafika bondo limandiwawa m'mawa. Mafizo a ntchafu sindinasiye, kawiri pa sabata. Munthu wa timu ya ku Tete uja sanaimbenso. Ng'ombe imodzi ndabweza m'khola la bambo, zatsala ziwiri.

Lachiwiri ndi Lachinayi ndimaphunzitsa anyamata a timu yaing'ono. Tisanagwire mpira timatha mphindi 20 pa ndondomeko ya FIFA 11+, yolimbitsa ntchafu ndi kuphunzira kutera bwino, ndipo amadandaula kuti ikuwadyera nthawi. Mwezi watha mmodzi wa iwo, wa zaka 17, anatembenuka yekha n'kugwa atagwira bondo. Ndinamufunsa ngati wamva kulira m'kati, iye anavomera ndi mutu. Ndinamukweza pa njinga mpaka kwawo, n'kudzera pa golosale kugula ayisi. Uthenga unali utatsogola, tinapeza mayi ake atatereka kale madzi. Ndinakhala pansi, ndinapinda buluku n'kuwaonetsa zipsera zanga, za mphini ndi za opaleshoni. "Mayi, madziwo phulani kaye. Mwanayu Lolemba ndipita naye ku Tete ineyo." Anayang'ana bondo langa nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti pa chapa tifike nthawi yanji.